Matelala a Pakhonde Obwera ku Joni

Mu 1974 ndege ya Wenela, bungwe lotenga anthu kupita nawo kumigodi, itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi ambiri, Kamuzu analetsa zolemba anthu ntchito ya kumigodi ya ku Joni. Amuna zikwizikwi anabwerera kumudzi.

Oganiza patali anabwera ndi njinga, wailesi ndi makina osokera a Singer. Makinawo ndiwo anawasunga mpaka ukalamba. Mphamvu zokumba zitatha, bambo ankakhala pakhonde la sitolo, tepi ili m'khosi, phazi likupalasa, nsalu ikuyenda pansi pa singano. Ankasoka mayunifolomu a ana asukulu ndi madiresi a Khirisimasi, n'kumaika zigamba pa mathalauza. Anzake ankabwera pomwepo kudzasewera bawo ndi kukumbutsana za kumgodi.

Kaunjika atafala m'misika, osoketsa zatsopano anachepa, ndipo matelala ambiri anatsala ndi ntchito yochepetsa ndi kukonza zovala.