Nkhalango za ku Tengwe ndi Ulimi wa Fodya

Tengwe ndi dera lodziwika ndi ulimi wa fodya m'boma la Hurungwe, m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, kufupi ndi tawuni ya Karoi. Ambiri mwa anthu amene ankagwira ntchito m'minda ikuluikulu ya kuderali anali ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique.

Nkhalango zachilengedwe za ku Tengwe ndi za mtundu wa miombo, ndipo mitengo yotchuka ndi yomwe kumeneko amaitcha msasa ndi mnondo. Mizu yake imateteza nthaka kuti isakokoloke komanso imathandiza madzi amvula kulowa pansi, pomwe masamba akawola amabwezeretsa chonde. M'nkhalangozi anthu amapezamo bowa, uchi, masuku ndi mankhwala azitsamba.

Boma litayamba kugawa minda ya azungu mu 2000, alimi ang'onoang'ono a fodya anachuluka. Fodya wa fulu amafuna moto wosazima kwa pafupifupi sabata kuti aume m'balani. Alimi ambiri akale ankagwiritsa ntchito malasha a ku Hwange, koma atsopanowa amadalira nkhuni, motero mitengo ikudulidwa mofulumira kuposa momwe imaphukira.

Pofuna kuchepetsa vutoli, mu 2012 boma linakhwimitsa malamulo a kadulidwe ndi kagulitsidwe ka nkhuni, ndipo mu 2015 linakhazikitsa msonkho wobzalira mitengo wodulidwa pa ndalama za fodya. Bungwe la Forestry Commission limalimbikitsa alimi kukhala ndi minda ya bulugamu. Dzikoli limakumbukira tsiku lobzala mitengo Loweruka loyamba la Disembala.