Mlonda ndi Mtetezi: Mbiri ya Mawu Ena a Chingerezi

Munthu akagonekedwa m'chipatala amati ali mu wodi, ndipo bambo wochezera usiku pachipata cha chipatalacho ena amamutcha gadi. Mawu awiriwa anabwerekedwa ku Chingerezi, kumene alembedwa ward ndi guard, ndipo ngakhale amveka mosiyana, kholo lawo ndi limodzi. Wolondola mbiri yawo, pamodzi ndi ya mawu ena onena za kusunga ndi kuteteza, apeza kuti wosunga chinthu sachedwa kusanduka mwini wake.

Wamkulu pa awiriwa ndi ward. Angerezi akale ankati weard, ndiye kuti mlonda kapena msungi. Munthu amene ankasunga chakudya cha pakhomo nagawira anthu ake ankatchedwa hlafweard, ndiko kunena kuti msungi wa mkate. Dzinali linafupikafupika m'kamwa mwa anthu kufikira linakhala lord, mawu amene lero atanthauza mbuye. Wosunga nkhokwe ndiye anakhala mbuye wa odya za m'nkhokwemo, ndipo mudzi uliwonse umene unaonapo njala udziwa kuti zotere si za ku England kokha.

Guard anayenda njira yaitali. Anthu otchedwa Franks, amene chinenero chawo chinali pachibale ndi Chingerezi, anali ndi mawu omwewo, napita nawo ku dziko limene tsopano ndi France. Kumeneko w wa poyamba anasanduka g. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy anaoloka nyanja, nagonjetsa mfumu Harold ku Hastings, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa chinali chinenero cha mafumu ndi cha milandu ku England. Chotero mawu aja anabwera kwa Angerezi kachiwiri atavala zachilendo, ndipo eni ake sanawazindikire. Guard anakhala dzina la msilikali woima pachipata, pamene ward anayamba kunena za chinthu cholondedwacho: chipinda cha odwala, chigawo cha mzinda, ndiponso mwana wamasiye amene ali m'manja mwa womsunga.

Za mwana wamasiyeyu ndi zofunika kuziganizira. Mkulu wokhala ndi minda yambiri akamwalira nasiya mwana wosakhwima, mfumu ndiyo inkasunga mwanayo pamodzi ndi mindayo. Phindu la m'minda linkapita kwa mfumu kufikira mwana atakula, ndipo mfumu inali ndi mphamvu yomsankhira ukwati, ngakhale kugulitsa udindo wonse womsunga kwa munthu wa ndalama. Malondawa anakula kotero kuti mu 1540 Henry VIII anakhazikitsa bwalo loyang'anira zimenezi, lotchedwa Court of Wards, ndipo lamulo lothetseratu mwambowu linadza mu 1660.

Prevent ndi protect ndi ochokera ku Chilatini, chinenero cha Aroma. Prevent poyamba ankatanthauza kufika patsogolo pa wina, ndipo m'Baibulo la Chingerezi la 1611 ali ndi tanthauzo limeneli. Koma wofika msanga pamlatho akhoza kutsekereza mnzake, ndipo m'kupita kwa nthawi mawuwo anadzatanthauza kuletsa chinthu chisanachitike. Protect ali ndi mbali ziwiri: pro, ndiye kuti patsogolo, ndi tegere, kuphimba. Akatswiri a zinenero anapeza kuti tegere ali pachibale ndi thatch, mawu a Chingerezi onena udzu wofolera nyumba. Mtetezi tsono ali ngati denga, limene lilandira mvula kuti wokhala pansi asanyowe. Komatu denga likhala pamwamba pa munthu, ndipo likagwa ligwera yemweyo.

Angerezi anaziona zimenezi ndi maso. M'chaka cha 1483 mfumu Edward IV inamwalira, nisiya mwana wa zaka 12 kuti alowe ufumu. Atate ake aang'ono, Richard wa ku Gloucester, anaikidwa kukhala Protector. Richard anakhazika mwanayo ndi mng'ono wake m'linga la Tower of London, nalengeza kuti ukwati wa makolo awo sunali wolongosoka, ndipo isanathe miyezi itatu chimwalirire mbale wake iye mwini anavala chisoti chaufumu. Anawo sanaonekenso. Pambuyo pake Oliver Cromwell, mmodzi wa osayina chikalata chodula mutu mfumu Charles I mu 1649, anatenga dzina la Lord Protector mu 1653. Anakana kutchedwa mfumu, koma nyumba ya malamulo itamtsutsa anaibalalitsa, ndipo atamwalira mu 1658 mwana wake analowa m'malo mwake monga achitira ana a mafumu. Nthawi ya ulamuliro umenewu inatchedwa Protectorate.

Mawu omwewa ndiwo anafika ku Nyanja ya Malawi. Mu 1889, pamene Apwitikizi ankakwera mtsinje wa Shire, Harry Johnston anayendera mafumu kupangana nawo mapangano a chitetezo, ndipo mu 1891 boma la Britain linalengeza kuti dzikoli lili pansi pa chitetezo chake. Mu 1893 linatchedwa British Central Africa Protectorate, ndipo mu 1907 Nyasaland Protectorate. Si onse amene analowa pansi pa dengali mwa chipangano, pakuti Angoni a Gomani analowetsedwamo ndi mfuti mu 1896, inkosi yawo niphedwa. Pa malamulo, Protectorate inali yosiyana ndi colony: eni dziko sanawerengedwe anthu ake a mfumu ya ku England monga a mu colony, koma otetezedwa chabe, British Protected Persons. Denga limeneli linatchingadi mvula ina, ndipo kukana zimenezo kungakhale kunama, pakuti malonda a akapolo anatha, ndipo Mlozi wa ku Karonga anagonjetsedwa mu 1895. Koma linadza ndi msonkho wa nyumba, ndi zikalata zopatsa Azungu malo aakulu ku mapiri a Shire, ndi thangata pa malo omwewo.

Mkangano waukulu pa tanthauzo la mawuwa unabuka pa nkhani ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mafumu ananena kuti makolo awo anapempha chitetezo kwa Mfumukazi Victoria, ndi kuti wosunga chinthu cha mwini sangachipereke kwa wina mwiniwake asanalole, makamaka kwa Azungu a ku Southern Rhodesia, amene ankadzilamulira okha chiyambire 1923. Boma la ku London linayankha kuti dzina la Protectorate silidzachotsedwa, ndi kuti Chitaganya chidzadzetsa chuma. Linachita monga msungi wa mwana wamasiye uja, amene asankha ukwati nanena kuti adziwa chokomera mwanayo. Mu 1953 mafumu ena anapita ku London kukadandaula kwa Mfumukazi Elizabeth, koma sanaloledwe kuonana naye. Chaka chomwecho Chitaganya chinakhazikitsidwa, ndipo Inkosi Gomani II, mwana wa inkosi yophedwa ija, inachotsedwa paufumu chifukwa chochikana.

Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo pa 6 Julaye 1964 mbendera ya Angerezi inatsitsidwa ku Blantyre, dzikoli litakhala Protectorate zaka 73.