Agogo anga anafika kunyanja ali pamsana

Sendera kuno, mdzukulu wanga, utsi ukuloza komwe wakhalako. Funso lako ndinalimva masana aja, kungoti nkhani yotere sakamba munthu akusenda chinangwa. Wati mnzako amene unkakhala naye desiki imodzi ku Lilongwe anasowa m'kalasi mu Meyi 2023, pamene apolisi ndi asilikali ankagwira othawa kwawo okhala m'tauni n'kuwatengera ku Dzaleka, ndipo ukufuna kudziwa ngati analakwa kulowa sukulu yanu. Ndikamba m'Chichewa poti inu ana a m'tauni Chitumbuka chanu chimathera pa "yewo". Koma ine ndinaimva m'Chihenga, kwa agogo anga aakazi, kuno ku Vinthukutu, ndili wamng'ono kuposa iwe.

Iwo sanabadwire kunyanja kuno. Kwawo kunali kuchigwa cha Henga, kuseri kwa mapiri awo, m'boma la Rumphi. Angoni a M'mbelwa atafika anagonjetsa Atumbuka, anyamata n'kuwaboola makutu, kuwagwiritsa chishango ndi nthungo kuti aziwamenyera nkhondo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870 anyamata omwewo anaukira ambuye awo. Zitawavuta, gulu lina lotsogozedwa ndi Kanyoli linathawira kumpoto, kudziko la Angonde. Agogo anga anali khanda pa ulendowo. Zimene ankatiuza ndi zimene amayi awo anawauza: kuyenda usiku, kubisala masana, kumutseka mwana pakamwa ndi bere kuti asalire, ndi kambewu ka mawere komangidwa pansonga ya chiwondo, kamene munthu sankakadya ngakhale njala ifike pati.

Angonde anali anthu okhala bwino. Midzi yawo inali m'kati mwa nthochi, mabwalo osesedwa mbee, ng'ombe zili m'makola, mkaka wosasa wosasowa pakhomo. Mafumu awo, pansi pa Kyungu, anawalandira alendo aja n'kuwapatsa malo olima. Agogo ankati liwu loyamba la Chingonde limene amayi awo anaphunzira linali la moni, lachiwiri linali la nthochi.

Tsopano pali mbali imene ife Ahenga sitikonda kuikamba, koma ndikuuza poti wakula. Kunabwera Mlozi, wamalonda a minyanga ndi akapolo, n'kumanga linga lake ku Mpata, m'mbali mwa mtsinje wa Rukuru. Iyeyo anaona kuti pali alendo odziwa nkhondo amene alibe dziko lawolawo, ndipo anawanyengerera kuti akamuthandiza kupitikitsa Angonde, dzikolo lidzakhala lawo. Ambiri anavomera. Mu 1887 Angonde othawa anabisala m'mabango a ku Kambwe, pafupi ndi Karonga, ndipo mabangowo anatenthedwa anthu ali momwemo. Amene anathamangira m'madzi anakumana ndi ng'ona. Mwa amene anali kumbali ya Mlozi tsiku limenelo munali anthu a mtundu wathu, odya nthochi za eni dziko. Agogo akafika pamenepa ankatafuna fodya nthawi yaitali osayankhula. Nkhondo ya Mlozi ndi azungu a Mandala inatenga zaka, mpaka Harry Johnston anagwetsa lingalo mu Disembala 1895, Mlozi n'kupachikidwa.

Ndiye taganiza, mwanawe, mmene zinalili nkhondo itatha. Munthu wa Chingonde akupita kumunda akukumana ndi Mhenga amene mwina ndiye anayatsa moto ku Kambwe. Ena mwa a kwathu anabwerera ku Henga, ena anatsikira kummwera kuno, ndipo banja lathu linali mwa amenewo. Koma lisanasamuke, kunachitika kanthu kamene agogo ankakakamba kawirikawiri kuposa za nkhondo.

Chaka cha 1894 Dokotala Robert Laws anakwera ku Khondowe n'kuyamba sukulu yaikulu ya Livingstonia, ndipo aphunzitsi ochokera kumeneko anayamba kufalikira m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Boma la atsamunda linalibe sukulu nthawi imeneyo. Nthambi yake ya zamaphunziro inadzabadwa mu 1926. Sukulu ya mudzi inali ya mishoni, nyumba ya udzu imene Lamulungu inkasanduka tchalitchi, ndipo mwana aliyense wa m'deralo ankapita komweko. Mlongo wawo wa agogo, wamng'ono kwa iwo, ankadyetsa mbuzi pafupi ndi kasukulu kotere. Ankaima kuseri kwa khoma kumamvetsera anzake akuimba a, e, i, o, u, iye n'kumalemba ndi chala pamchenga zimene waona pabowo. Tsiku lina mphunzitsi anamugwira. Mwana anayembekeza chikoti, koma anauzidwa kuti alowe.

Makolo ena sanakondwe nazo. Anapita kwa nyakwawa kukanena kuti mwana wa anthu otentha mabango sangakhale mphasa imodzi ndi ana awo. Ine sindiwanena, maliro awo anali asanaiwalike. Nyakwawa ija, malinga ndi agogo, inangofunsa kuti mwanayo ali ndi zaka zingati. Atawerenga nyengo za dzinja anapeza kuti pa nthawi ya Kambwe anali asanabadwe. Nkhani inathera pomwepo, ngakhale kuti miyezi yoyamba ankakhala yekha kumapeto kwa mphasa, ndipo anzake ankamuseka akalakwitsa Chingonde. Amayi ake ankapereka mazira kwa mphunzitsi m'malo mwa ndalama. Sileti analibe, ankabwereka kwa mwana wina wa Chingonde posinthana ndi misampha ya mbalame.

Zimene zinatsatira n'zoseketsa pang'ono. Ana a Ahenga, poti makolo awo analibe ng'ombe zoti adzawasiyire, anaigwira sukulu ndi manja awiri. Ambiri anakwera ku Khondowe n'kutsika ali aphunzitsi ndi makalaliki, mpaka Chitumbuka chinafala m'sukulu za mishoni ngakhale kudziko la Angonde, eni ake n'kuyamba kudandaula kuti chilankhulo chawo chikuponderezedwa ndi cha alendo. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma saonjezera kuti nthawi zina kamacheka mwini nyumba. Mlongo wa agogo uja anadzakhala mphunzitsi wa m'mudzi, ndipo ndi iye amene anawakakamiza abambo anga kuti ine ndipite kusukulu m'malo mopalasa bwato.

Ndi mmene ndinakhalira mphunzitsi, ntchito n'kunditengera ku Dedza. Ndinali komweko mu 1986 pamene anthu a ku Mozambique anayamba kukhamukira kuno pothawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Kumeneko malire ndi msewu chabe: uku Malawi, uko Angonia, anthu ake amodzimodzi, Chichewa chimodzimodzi. Chiwerengero chawo m'dziko muno chinadzapitirira miliyoni imodzi. Mabungwe anatsegula sukulu zawo zophunzitsa m'Chipwitikizi, koma mabanja ambiri anangolowa m'midzi mwa abale awo, ndipo ana awo ankatulukira m'makalasi mwathu. M'kalasi langa ndinkadziwa bwino amene achokera kutsidya. Ndege ikamveka kumwamba ankagwa chafufumimba pansi, anzawo n'kumaseka. Polemba m'kaundula ndinkafunsa dzina la mfumu ya mudzi umene mwana akugona, osati kumene anabadwira. Anthu ena ankadziwa zimenezi, koma palibe anandifunsapo.

Mu 1989 kunatuluka lamulo lakuti aphunzitsi ochokera kumpoto abwerere kwawo. Tinamanga katundu m'masiku ochepa, amayi ako ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Amene ananyamula matumba athu a chimanga kukakweza palole anali ana omwe aja a kutsidya. Iwo anatsala pasukulupo, ine mwini dziko ndi amene ndinachoka. Ambiri mwa othawa nkhondowo anabwerera kwawo mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992.

Kuno ndinadzaonanso alendo amtundu wina. Kuyambira 1994, chaka chomwe pulayimale inakhala yaulere, anthu a ku Rwanda, Burundi ndi Congo akhala akulowa pa Songwe, kusungidwa kaye ku Karonga, kenaka kudutsa pamsewu wa M1 uwu kupita ku Dzaleka ku Dowa, imene kale inali ndende ya andale. Malowo anakonzedwera anthu oposa pang'ono 10,000, koma lero muli oposa 50,000. Sukulu zilimo, zoyendetsedwa ndi bungwe la Jesuit Refugee Service, ndipo ana a midzi yozungulira amaphunziranso momwemo, koma malo ndi ochepa kuyerekeza ndi ana. Dziko lathu povomera pangano la mayiko la 1951 lonena za othawa kwawo linakana kudzimanga pa mfundo zingapo, kuphatikizapo ya maphunziro ndi ya kukhala paliponse pamene munthu wafuna. Mnzako uja anagwa m'dzenje limeneli.

Cha m'ma 2016 boma linkafuna kusamutsira msasawo ku Katili, m'boma lathu lino, ndipo anthu anakana mpaka zinalephereka. Nkhawa ya minda ndinaimvetsa, malo kuno achepadi. Koma tsiku lina pabawo ku Uliwa mnzanga wina anafika ponena kuti ana a anthu ozolowera nkhondo adzaononga ana athu m'sukulu. Mfunda wake ndi wa ku Henga ngati wanga. Ndinamufunsa kuti agogo ake anafika bwanji kunyanja. Anangoti, "Sewerani, aphunzitsi, nthawi ndi yanu." Ndinasewera, n'kumudya nkhomo zonse.

Wati kope la masamu la mnzako wa ku Lilongwe uja linatsalira m'chikwama chako. Usang'ambemo mapepala, ndaona mmene mumachitira. Dzaleka ndi Lilongwe sipakwana makilomita 50, ndipo minibasi za ku Dowa zimadutsa pomwepo. Mawa ndikambirana ndi amayi ako asanakwere basi. Tsopano tandipatsa ndodo yangayo, ndipo ukamuuze mlongo wako atsekere nkhuku.