Jeli ya PNIPAM

Jeli ya PNIPAM ndi jeli imene imafufuma ikakhala m'madzi ozizira, koma imakhwinyata madziwo akatentha kupitirira madigiri pafupifupi 32 Celsius. Imapangidwa ndi polima yotchedwa poly-N-isopropylacrylamide. Mamolekyu a polima ndi aataliatali ngati ulusi, ndipo m'jeli amamangirirana n'kupanga ukonde. N'chifukwa chake jeliyi sisungunuka, imangomwa madzi n'kuwasunga.

Chimene chimachititsa kusinthaku

Ulusi uliwonse uli ndi mbali za amide, zimene zimakoka madzi, ndi mbali za isopropyl, zimene zimakana madzi. Kukazizira, mamolekyu a madzi amagwirana ndi mbali za amide, ukonde umatambasuka ndipo jeli imaoneka mbee ngati galasi. Kukatentha, kugwirana kuja kumafooka. Mbali za isopropyl zimamatirirana zokhazokha, ukonde umafinya madzi kunja, jeli imachepa n'kuyera ngati mkaka. Madzi akaziziranso, imafufumanso.

Mchere ukathiridwa m'madzimo, jeli imayamba kukhwinyata pa madigiri otsikirapo. Kukula kwa chidutswa kulinso ndi gawo lake: chidutswa chonenepa kuwirikiza kawiri chimatenga nthawi yowirikiza pafupifupi kanayi kuti chifufume, chifukwa madzi amalowa pang'onopang'ono.

Mbiri

Mu 1968, Heskins ndi Guillet anafotokoza kuti polimayi imalekana ndi madzi pa madigiri 32. Mu 1978, Toyoichi Tanaka wa pa yunivesite ya MIT ku United States anapeza kuti majeli ena amasintha kukula mwadzidzidzi, ndipo mu 1984 iye ndi Hirokawa anaonetsa zimenezi pa jeli ya PNIPAM.

Ntchito zake

Jeliyi ndi yofunika pa zachipatala chifukwa imasintha pafupi ndi kutentha kwa thupi la munthu, komwe ndi madigiri 37. Ku Japan, Teruo Okano ndi anzake anapaka polimayi pa timbale tokulitsirapo maselo. Pa madigiri 37 maselo amamatirira n'kuchulukana. Kambale kakaziziritsidwa, polima imamwa madzi ndipo maselo amamatuka onse pamodzi ngati pepala, osawonongeka. Maselo otere agwiritsidwa ntchito pochiza khungu loonekera lakutsogolo kwa diso.

Ofufuza akuyesanso kuika mankhwala m'jeliyi kuti azituluka malinga ndi kutentha. Vuto lalikulu n'lakuti PNIPAM siwola m'thupi, choncho amaisakaniza ndi mapolima ena amene thupi limatha kuwaphwanya.