Kamera yowonjezera pa zimene diso laona: ulendo wake mpaka ku Tsangano ndi Macanga

Mu 1968 Ivan Sutherland wa ku America anapanga chipangizo chovala kumutu chomwe chinkaonetsa mizere ya kompyuta pamwamba pa zinthu zenizeni za m'chipinda. Chinali cholemera moti ankachita kuchipachika kudenga. Dzina loti augmented reality linadza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku kampani yopanga ndege ya Boeing, komwe Tom Caudell ankafuna kuti amisiri olumikiza mawaya aziona malangizo pamaso pawo manja ali pantchito. Luso limeneli linabadwira ntchito, ndipo mfundo imeneyi isatichoke m'mutu.

Zaka zimenezo anthu ambiri a ku Tsangano ndi Macanga, m'dziko la Mozambique, anali othawa nkhondo ku Ntcheu ndi Dedza. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 anabwerera kukalima kachewere ndi tirigu m'mapiri a Tsangano, chimanga ndi fodya cha ku Furancungo ku Macanga. Foni zam'manja zinalowa m'dzikomo ndi mcel mu 1997, Vodacom nkutsatira mu 2003, koma nsanja zawo zinayamba kumizinda ikuluikulu. Am'malire ambiri ankangotola netiweki ya ku Malawi. Zinthu zinasintha mu 2012 pomwe Movitel, ya kampani ya Viettel ya ku Vietnam, inadzala nsanja kumidzi. M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa foni, inafika mu 2013. Palibe anachita kunyengerera alimi kuti ailandire. Munthu amene ankayenda mtunda ndi ndalama za mbewu m'thumba, mtima uli m'mwamba, anaona yekha phindu lake.

Kunjaku luso lija linali litalowa kale m'foni. Pulogalamu ya Wikitude inatuluka mu 2008, Snapchat inayamba zokongoletsa nkhope mu 2015, ndipo mu 2016 masewera a Pokémon Go anayendetsa anthu m'misewu ya New York ndi Tokyo akusaka tizilombo tongooneka pa foni. Masewera otere amadya bandulo, amamaliza batire, amafunanso mapu olembedwa bwino. Kumudzi komwe kutchaja foni nkwa sola kapena kolipira pa sitolo, zimenezo sizikanamera mizu. Ngakhale ARCore, yomwe Google inatulutsa mu 2018, imagwira pa foni zosankhidwa, ndipo zotchipa zambiri zimene anthu amakwanitsa sizili pamndandandawo.

Chimene chinafika mosavuta ndi zokongoletsa nkhope zija. Mtsikana akadzijambula nkhope ili see, maluwa ali kumutu, nkutumiza pa WhatsApp kwa mchemwali wake ku Joni, wagwiritsa ntchito luso lomwe lija la Sutherland ngakhale dzina lake sanalimvepo. Ine sindinyoza zimenezi. Nzimene zaphunzitsa achinyamata kuti kamera ikhoza kuwonjezera china pa zimene diso laona.

Koma kumene mtima wanga uli nkumunda. Mbozi za ntchemberezandonda zitasakaza chimanga kummwera kwa Africa mu 2017, akatswiri a PlantVillage a ku yunivesite ya Penn State, mogwirizana ndi bungwe la FAO, anakonza pulogalamu yotchedwa Nuru. Umaloza kamera pa tsamba, iyo nkuzinga ndi kabokosi pamene pawonongeka ndi kutchula vuto, ngakhale popanda intaneti. Apa lusoli labwerera ku ntchito imene linabadwira. Palinso nkhani ya chilankhulo. Botolo la mankhwala a mbewu logulidwa ku Ulongwe wa ku Mozambique limalembedwa m'Chipwitikizi, logulidwa ku Ntcheu m'Chingerezi, pamene mlimi amalankhula Chinyanja. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014 ndipo ili ndi mbali yowerenga zolembedwa kudzera pa kamera, koma kumasulira kwake kumaphonyabe, ndipo pa mlingo wa mankhwala kuphonya pang'ono kumawotcha munda wonse. Mlimi amene pulogalamu yamunamiza kamodzi sadzaitsekulanso, ndipo adzachenjeza anzake onse.

Nchifukwa chake ndimaona kuti khomo lenileni la lusoli ku Tsangano ndi Macanga ndi mlangizi wa zaulimi. Iyeyo ndi amene angakhale ndi foni yamphamvu, amatha Chipwitikizi ndi Chinyanja, ndipo kamera ikanena zosemphana ndi zimene akuona pa tsamba, angathe kuitsutsa mlimi asanagule mankhwala.