Zilembo za pabuti: kuchokera pa Datsun kufika pa Sienta

Ife ogulitsa tomato galimoto timaidziwira kumbuyo, chifukwa ndi komwe timakweza madengu. Ndiye zilembo za pabuti ndaziwerenga kuposa mabuku a Fomu 4, kuyambira pamsika wa Mitundu mpaka pa Nathenje, m'mbali mwa M1.

Ndili mwana, m'zaka za m'ma 1990, matola akwathu anali mapikapu otopa, ena olembedwa DATSUN kumbuyo. Mayi anga mpaka lero kapikapu kalikonse amati ndi Datsun. Sadziwa kuti dzinalo linali litafa kale nthawi imeneyo. Kampani ya Nissan ya ku Japan inalengeza mu 1981 kuti ikulisiya, ndipo pofika 1986 linali litachoka pa galimoto zatsopano. Koma kapikapu kaja kanapitirira kupangidwa ku South Africa ndi dzina loti Nissan 1400 mpaka 2008. Thupi lomwelo, zilembo zina.

Toyota nayonso inasinthapo chilembo chimodzi. Banja la eni ake ndi la a Toyoda, koma mu 1936 D uja anasanduka T, kampani n'kukhazikitsidwa mu 1937.

Kamatidwe nakonso kanasintha. Pa galimoto zambiri zakale, zilembo zinali zachitsulo, zili ndi timiyendo tolowa m'timabowo ta pabuti. Kugwa kunali kovuta, koma madzi amalowera pomwepo, dzimbiri n'kuyambira pa dzina. Zamasiku ano ndi pulasitiki wonyezimira, womatidwa ndi tepi ya guluu mbali zonse ziwiri. Dzimbiri palibe, inde, koma mwana wa mpeni amazimatula mosavuta.

N'zomwe zinawachitikira achimwene anga. Anali ndi Sienta, galimoto yomwe Toyota inayamba kupanga mu 2003, amanyamula anthu pakati pa Mitundu ndi Lilongwe kudzera pa Bunda. Tsiku lina kutacha anapeza pabuti pali mbee, pangotsala zipsera za guluu. Anakagula zina m'tauni n'kumata okha, kuyeza ndi maso. Ndinawauza kuti, "Achimwene, tsukani kaye guluu wakaleyo, paume, muike tepi yowongoka ngati mzere, kenako muzimata." Anaseka, amvekere za galimoto wa tomato azidziwira kuti.

N uja anatsika, A n'kupendama. Anthu amakwerabe, palibe anadandaula.

Vuto linabwera pamene amaigulitsa kuti apeze fizi ya mwana wawo. Wogula wa ku Nathenje sanayambire ku injini. Anazungulira kumbuyo, n'kugwira zilembo zija ndi chala, n'kunena kuti galimotoyi inagundidwapo ndipo buti inapentedwanso. Achimwene analumbira mpaka kutchula manda a bambo, koma munthuyo anatsitsa mtengo ndithu, ndipo teremu inali itatsegulira kale. Anaigulitsa.

Sienta ija ndimaionabe pa Nathenje ndikapita kukapikula. Mwini wake watsopanoyo zilembo sanaziwongole.