Tiki imodzi ndi makalata a ku Joni

Lachiwiri usiku ndinatumiza uthenga pa WhatsApp kwa achimwene anga omwe ali ku Johannesburg. Uthengawo unangoima pa tiki imodzi kwa ola lathunthu. Magetsi anali atazima, netiweki ikukwawa ngati nkhono, ine ndikungotsonya mumdima. Agogo anga aakazi anafunsa ali pamphasa: "Iwe, kodi kwagwa maliro?" Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola. Akuti agogo aamuna atapita kumigodi anakhalako zaka ziwiri, ndipo makalata amene anafika pakhomo anali atatu basi.

Ambirife dzina loti Wenela timangolidziwa ngati depoti ya mabasi ku Blantyre. Komatu dzinali linachokera ku bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, lomwe linkalemba amuna ntchito yokakumba golide ku South Africa. Ena ankapita ndi Mthandizi kumafamu a ku Southern Rhodesia. Panalinso a selefu, omwe ankangonyamuka okha wapansi, kudzera ku Mwanza, kuoloka Zambezi pa Tete, masabata ali panjira. Sikuti ankapita kukaona dziko ayi. Msonkho unkafuna ndalama, pomwe kumudzi ndalama kunalibe. Komiti imene boma la atsamunda linakhazikitsa mu 1935 inapeza kuti amuna a ku Nyasaland pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko.

Tangoganizani mmene uthenga unkayendera masiku amenewo. Mwamuna wosadziwa kulemba ankapempha mnzake wa pakomboni kuti amulembere. Kalata ija inkayenda masabata, n'kukafikira kusukulu ya mishoni kapena kusitolo, kudikira wina wolowera kumudziko. Ikafika, mkazi naye ankafuna womuwerengera, mwina mphunzitsi, mwina kamnyamata ka pasukulu. Agogo akuti awo ankawawerengera mwana wa achemwali awo, ndiye mawu alionse achikondi ankamveka m'kamwa mwa mwana wa zaka 11 yemwe ankachita kugwira chala pa chilembo chilichonse. Za chinsinsi iwalani. Ife lero timakwiya munthu akangosuzumira pafoni pathu mu minibasi.

Chowawa kwambiri chinali kusadziwa. Chete wa miyezi isanu ankatha kutanthauza kuti kalata yasochera, kapena munthu ali m'chipatala, kapena wakwatira konko, kapena mwala unamugwera pansi pa mgodi. Mkazi ankalima, kulera ana, kulipira msonkho, osadziwa kuti ndi wapabanja kapena wamasiye. Amuna amene sanabwererenso anapatsidwa dzina lawolawo, machona. M'midzi yambiri mukafufuza bwino mupeza banja limene lili ndi munthu amene nkhani yake imathera pa mawu akuti "anapita ku Halale".

Kenaka Wenela inayamba kunyamula anthu pa ndege, ulendo n'kufupika. Pa 4 April 1974 ndege ina itangonyamuka ku Francistown, m'dziko la Botswana, inagwa n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo. Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anthu, pa nthawi imene Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Ndimaganizira amayi amene anali atazira kale nyumba poyembekezera anthu amenewo.

Musandimve molakwa. Bandulo timagula ndi ndalama zathu, ndipo ikatha osagwira ntchito tili ndi ufulu wodandaula. Sindikondanso akuluakulu amene amatitseka pakamwa ndi mawu oti "ife tinavutika kuposa inu", ngati kuti mavuto ndi mpikisano. Ndiponso chimene chinathamangitsa agogo n'chomwecho chathamangitsa achimwene: ntchito kuno kulibe. Zimenezo sizinasinthe kwenikweni. Koma usiku uja ndinachita manyazi pang'ono, chifukwa ine ndinkadziwa kuti achimwene ali moyo. Ndinali nditaona sitetasi yawo masana omwewo, akudya tchipisi pa ntchito.

Cha m'ma 10 koloko tiki yachiwiri inatulukira, kenaka voisi noti ya masekondi 20: ali bwino, kukuzizira, ndalama atumiza Loweruka. Agogo anaitanitsa foni, anaiika pakhutu n'kumvetsera. Itatha anandibwezera.

"Tabwerezanso," anatero. "Ndimve bwino ngati sakudwala chifuwa."